Mayi Akachira, Thupi Lake Lifuna Mpumulo

Mayi akabereka bwino anthu amati wachira. Koma kuchira kwenikweni kumatenga masabata 6, pakuti imeneyi ndiyo nthawi imene chiberekero chimabwerera mwakale ndiponso mabala a m'njira ya mwana amapola.

Ku Chitimba, m'mphepete mwa nyanja m'boma la Rumphi, ntchito za amayi n'zolemetsa: kuviika chinangwa, kusinja ufa wa kondowole, kuyanika usipa ndi kusenza nkhuni. Ena amayambanso zonsezi mchombo wa mwana utangogwa. Katundu wolemera angachedwetse kupola kwa mabala ndi kuwonjezera kutaya magazi. Makolo sankalakwa posunga mayi m'chikuta.

Kupumula sikugona tsiku lonse ayi. Mayi ayenera kuyendayenda pang'ono pabwalo kuti magazi aziyenda bwino m'miyendo. Adye nsomba, nyemba ndi ndiwo zamasamba, ndipo amwe mankhwala owonjezera magazi amene walandira.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mayi wodekha amamva msanga pamene thupi layamba kudandaula. Zizindikiro zoopsa ndi izi:

1. Magazi ochuluka, kapena oyambiranso mwamphamvu atachepa kale.
2. Kutentha thupi, kupweteka m'mimba kapena ukazi wonunkha.
3. Mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi kapena kukomoka.
4. Kubanika, kapena kutupa ndi kupweteka kwa mwendo umodzi.

Chikaoneka chimodzi mwa izi, mayi apite naye kuchipatala cha Chitimba nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Vuto likakula angatumizidwe kuchipatala chachikulu, monga cha David Gordon Memorial ku Livingstonia. Chipatalachi chili pamwamba pa phiri, ndipo msewu wa Gorodi wokwera kumeneko uli ndi makona akuthwa pafupifupi 20. Kotero kuchedwa kunyamuka pakhomo kungatayitse moyo.

Ngakhale mayi wosamva kupweteka ayenera kupimidwa. Malangizo a bungwe la World Health Organization a 2022 amatchula maulendo anayi: m'maola 24 oyamba, pa tsiku lachitatu, pakati pa masiku 7 ndi 14, ndiponso pa sabata lachisanu ndi chimodzi.

Mayi sangapumule ngati palibe womulandira ntchito. Tsono udindo uli pa bambo, apongozi ndi anansi: atunge madzi, asinje ufa, ndipo amufunse tsiku ndi tsiku mmene wadzukira. Akayankha kuti sali bwino, amukhulupirire.