Bango ndi Nsenjere M'kalasi

Mwana wa ku Dómuè akaphunzira liwu lachipwitikizi lakuti "capim", liwulo limatha kumeza mayina amene adabwera nawo kuchokera kwawo: tsekera, kapinga, nsenjere, bango. Ife aphunzitsi tiyambire pa mayinawo.

Tipite ndi ophunzira kudambo tikadule bango ndi nsenjere, zomwe patali zimafanana. Tiwachenjeze kuti masamba a bango amabaya. M'kalasi tidule mapesiwo pakati pa mfundo ziwiri: bango ndi lamphako, nsenjere ndi yodzaza mkati. Kenako aone ngala. Ya bango imamwazika ngati nthenga, pomwe ya nsenjere ndi yowongoka ngati ya mchewere, m'bale wake weniweni.

Tisathamangire kubolodi ndi Chipwitikizi. Afotokoze kaye m'Chinyanja chifukwa chimene oluka mphasa amasankhira bango.