Fizikisi ya m'bwato: bwanji osaimirira mukaona nkhwazi?

Mukatsetsereka kuchokera ku Area 11 kupita ku Lilongwe Nature Sanctuary, mupeza mtsinje wa Lingadzi ukudutsa m'nkhalango pakati pa Old Town ndi City Centre. Mbalame zilipo zambiri, koma m'madzimo muli ng'ona, ndiye pamenepo timaonera tili kumtunda basi. Koonera mbalame muli m'bwato ndi monga ku nyanja ya Chilwa kufupi ndi Zomba, kapena ku Elephant Marsh m'chigwa cha Shire. Malo awiriwa analowa m'kaundula wa madambo ofunika wa Ramsar mu 1996 ndi 2017. Tsiku lomwe mudzapite, mudzakumbukire zinthu zitatu izi.

Choyamba ndi nkhafi. Mukamapalasa mumakankhira madzi kumbuyo, ndipo madziwo amakankhira nkhafi kutsogolo ndi mphamvu yofanana. Limeneli ndi lamulo lachitatu la Isaac Newton la mu 1687. Lamulo lomweli likhoza kukugwetsani: mukalumpha kutuluka m'bwato losamangirira, bwatolo limathawira kumbuyo, inu n'kugwera m'madzi.

Chachiwiri ndi centre of gravity. Bwato logoba ndi lopapatiza. Mukakhala pansi, kulemera kwanu kumakhala m'munsi, ndipo bwato likapendekeka pang'ono madzi amalibwezera m'malo. Tsono nkhwazi ija yatera pamtengo, inu mwadzuka kuti mujambule ndi foni. Centre of gravity yakwera, ndipo kupendekeka pang'ono chabe kukukwanira kuligudubuza. Jambulani muli chikhalire.

Chachitatu ndi refraction. Kuwala kumapinda pochoka m'madzi kulowa mumpweya, n'chifukwa chake nkhafi imaoneka ngati yathyoka. Refractive index ya madzi ndi pafupifupi 1.33, choncho mukayang'ana molunjika pansi, madzi akuya mamita 2 amaoneka ngati mita 1.5. Mumaganiza kuti mutha kuponda pansi mutu uli kunja, eti? Maso akunamizani. Valani jekete yoyandamitsa, ndipo mverani wopalasa wa komweko, chifukwa amadziwa kumene kumakhala mvuu.

Yesani izi kunyumba. Ikani ndalama yachitsulo m'kapu yosaonekera mkati, bwererani m'mbuyo mpaka ndalamayo ibisike, kenako mnzanu athire madzi pang'onopang'ono. Mukuona chiyani?

Funso la m'kope lanu: pansi pa dziwe pakuoneka ngati pali pa mita 1.2. Kuya kwake kwenikweni ndi kotani? Onetsani njira yonse, monga mudzachitire pa mayeso a MSCE.