Joe Burrow ku sekondale ndi ku yunivesite: mafunso ndi mayankho

Kodi quarterback ntchito yake n'chiyani?

Joe Burrow amasewera ngati quarterback. Mu mpira wa ku America, timu ikakhala ndi mpira, pafupifupi chilichonse chimayambira m'manja mwa quarterback. Iye ndiye amauza anzake zoti achite, kenako n'kuponyera mpira mnzake amene wathamangira kutsogolo, kuupereka m'manja mwa wothamanga, kapena kuthamanga nawo yekha. Chovuta n'chakuti m'bwalo mumalowa quarterback mmodzi. Wachiwiri, kaya akhale katswiri chotani, amaonerera ali pa benchi.

Burrow anayambira kuti?

Anabadwa mu 1996 ku Ames, Iowa, koma anakulira m'dera la Athens ku Ohio, kumene bambo ake, a Jimmy Burrow, anali mphunzitsi wa otchinga pa timu ya Ohio University. Mu 2014 anafikitsa Athens High School mu ndime yotsiriza ya chikho cha Ohio, ndipo anagonja mwapang'ono, 56-52, kwa Toledo Central Catholic. Chaka chomwecho anasankhidwa kukhala Mr. Football, wosewera wopambana onse m'masekondale a ku Ohio.

Nanga n'chifukwa chiyani anatha zaka zitatu pa benchi ku Ohio State?

Atalowa yunivesite ya Ohio State, anapeza malo a quarterback ali ndi mwini wake, J.T. Barrett. Chaka cha 2015 Burrow sanasewere n'komwe. Malamulo ankalola wophunzira kupuma chaka chimodzi osataya zaka zake zinayi zosewera. Mu 2017, nyengo ya masewera isanayambe, anathyoka fupa la dzanja loponyera, ndipo Dwayne Haskins anamulumpha pamzere.

Ena amanena kuti mphunzitsi Urban Meyer analakwitsa polola Burrow kusamuka. Kunena zoona, mlanduwo ndi wovuta kuugamula, chifukwa Haskins yemweyo anaponya ma touchdown (zigoli) 50 mu 2018.

Anasamuka bwanji?

Nthawi imeneyo wosewera wosamukira ku yunivesite ina ankayenera kudikira chaka chathunthu, pokhapokha ngati wamaliza digiri. Burrow anali atamaliza yake m'zaka zitatu. Choncho mu 2018 anapita ku yunivesite ya LSU, mumzinda wa Baton Rouge ku Louisiana, n'kuyamba kusewera nthawi yomweyo pansi pa mphunzitsi Ed Orgeron. Chaka choyambacho sichinali chodabwitsa: ma touchdown 16 oponya, timu n'kupambana masewera 10 mwa 13.

Chinasintha n'chiyani mu 2019?

Dzanja linali lomwelo. Chinasintha ndi kaseweredwe. LSU inali yodziwika ndi mpira wothamanga nawo pansi, wodalira mphamvu. Orgeron anabweretsa mphunzitsi wachinyamata, Joe Brady, kuchokera ku timu ya New Orleans Saints, amene anamwaza olandira mpira m'lifupi lonse la bwalo, nthawi zina asanu, n'kusiyira Burrow kuti aone yekha pamene otchinga asiya mpata. Apa m'pamene maso ake akuthwa anapezera ntchito. Tisaiwalenso amene ankawakha mpirawo: Ja'Marr Chase ndi Justin Jefferson, omwe lero ndi akatswiri mu ligi yaikulu ya NFL.

Chaka chimenecho Burrow anaponya mayadi 5,671 ndi ma touchdown 60, ndipo adani anawakha mipira yake 6 yokha. LSU inagonjetsa Alabama 46-41 kwawo komwe. Pokumana ndi Oklahoma, Burrow anaponya ma touchdown 7 chigawo choyamba chisanathe. Pa 13 Januwale 2020 LSU inamaliza pogonjetsa Clemson, 42-25, ku New Orleans: masewera 15, osagonja ngakhale kamodzi.

Kodi ankalandira malipiro?

Ayi. Yunivesite inkamulipirira maphunziro, malo ogona ndi chakudya. Ufulu woti osewera a m'makoleji azipeza ndalama potsatsa malonda ndi mayina awo unabwera mu 2021, iye atachoka kale.

Komabe dzina lake linapindulira ena. Polandira mphoto ya Heisman, ya wosewera wopambana onse m'makoleji, mu Disembala 2019, anatchula za ana akwawo ku Athens amene amaweruka kusukulu n'kukapeza kunyumba kulibe chakudya chokwanira. Anthu atamva, anasonkhera Athens County Food Pantry ndalama zoposa madola 500,000. Malipiro akeake anayamba timu ya Cincinnati Bengals itamusankha kukhala woyamba pa onse mu Epulo 2020.