Mazira akatsala: kasungidwe ndi katenthetsedwe kake

Mazira ophika akatsala, musadikire kuti mutsuke kaye mbale n'kupumula. Nthunzi ikangosiya kutuluka, alowe mufiriji. Akakhala pathebulo kupitirira maola awiri, atayeni, ndipo m'nyengo ngati ya Okutobala, kutentha kukapitirira madigiri 32, malire ake ndi ola limodzi basi.

Ambiri timadalira moto, timvekere, "Tingowatenthetsa bwinobwino." Koma mazira si mkute wa nsima. Pali tizilombo totchedwa Staphylococcus, timene timakhala pakhungu ndi m'mphuno mwa anthu ambiri. Dzanja lomwe lasenda dzira limatisiya pamenepo, ndipo tikaswana timatulutsa poizoni amene moto sumupha. Tizilomboto timafa mukatenthetsa, poizoniyo n'kutsala. Choopsa n'chakuti dziralo silinunkha n'komwe, ndiye kulinunkhiza sikukuuzani kanthu. Mudzadziwira kusanza ndi kutsekula m'mimba patapita maola ochepa.

Mazira okazinga, kapena ndiwo ya mazira ya tomato ndi anyezi, ikani m'kontena yosazama yotseka bwino kuti izizire msanga. Muiyike pashelefu yam'kati, osati pachitseko, chifukwa pachitseko pamafunda nthawi zonse wina akatsegula. Firiji yozizira madigiri 4 kapena kucheperapo imawasunga masiku atatu kapena anayi.

Owiritsa musawasende. Ali m'chigoba chake amatha sabata imodzi mufiriji. Ena amadabwa kuti dzira lowiritsa limaonongeka msanga kuposa laliwisi. Chifukwa chake n'chakuti madzi owira amatsuka kansalu kosaoneka kamene kamatseka timabowo ta pachigoba. Lembani tsiku ndi pensulo pachigobapo, poti Lachisanu palibe adzakumbuke kuti anawiritsidwa liti. Mufiriza musawayike, choyeracho chimasanduka mphira.

Magetsi akazima, firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi. Akapitirira pamenepo, mazirawo musawakhulupirirenso. Ngati pakhomo palibe firiji, phikani okwanira kudya nthawi yomweyo.

Tsopano kutenthetsa. Okazinga amafuna moto wochepa. Thirani supuni ya madzi kapena mkaka m'chiwaya, ikanimo mazira, vundikirani, muzitakasa apo ndi apo mpaka nthunzi izituluka paliponse, ngakhale pakati penipeni. Amene ali ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa chakudya aone kuti afika madigiri 74. Moto wolilima umangowaumitsa kunja, pakati pakadali pozizira. Ndiwo yamsuzi ndiye siivuta: iwire ndithu.

Lowiritsa limakoma ngakhale lozizira, ndi kamchere ndi tsabola. Mukalifuna lofunda, liikeni m'kapu, thirani madzi owira mpaka limire, vundikirani kwa mphindi 10. Lathunthu musaliyike mu microwave, losenda kapena losasenda. Nthunzi imatsekeredwa m'kati, ndipo limatha kuphulika mukalibaya ndi foloko kapena mukaliluma. Liduleni tizidutswa kaye.

Mzere wobiriwira wozungulira chachikasu usakuopseni. Umabwera dzira likawira nthawi yaitali, ndipo si chizindikiro choti laola. Loterera kunja kapena lonunkha ndiye lotaya.

Tenthetsani gawo lokhalo limene mudye, ndipo kamodzi kokha. Lotsala mutatenthetsa lisabwererenso mufiriji. Ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala ndi bwino kuwaphikira dzira latsopano.