Tee Yophunzitsira Ana Kumenya Mpira wa Softball

Tee ndi chipangizo choikapo mpira kuti wosewera aumenye uli phee, popanda womuponyera. Ili ndi tsinde lolemera la labala kapena lachitsulo, paipi yoima imene imatha kutalikitsidwa ndi kufupikitsidwa, ndi kamutu ka labala wofewa konyamula mpira. Ndi zokhazi basi. Ku United States, kumene softball inayambira mumzinda wa Chicago mu 1887, ana aang'ono kwambiri amayamba ndi masewera otchedwa tee-ball, momwe mulibe woponya mpira. N'chifukwa chake ena amaiona tee ngati chidole cha timwana, n'kuiponya pakona mwana akangofika zaka 11 kapena 12. Uku n'kusadziwa. Ngakhale osewera a matimu a mayiko, monga a Japan ndi United States amene analimbirana mendulo ya golide pa Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021, tee saisiya.

Chifukwa chake n'chakuti bwalo la softball ndi laling'ono. Mu fastpitch ya amayi, mtundu wa softball umene mpira umaponyedwa mothamanga, woponya amaima mamita 13.11 kuchokera pa home plate, chilabala choyera cha ngodya zisanu chimene womenya amaima pambali pake. Mpira wothamanga makilomita 100 pa ola umatha mtunda umenewu theka la sekondi lisanakwane. Kwa ana mtunda ndi wofupikirapo: ku United States a zaka 10 kutsika m'munsi amaponya pa mamita 10.67, a zaka 12 pa mamita 12.19. M'kanthawi kotere palibe amene angaganize za chiuno, manja ndi mapazi. Thupi liyenera kukhala litazidziwa kale. Tee imachotsa liwiro ndi mantha, mwana n'kutsala ndi ntchito imodzi yokha, yokonza kamenyedwe kake.

Bat ndi mpira

Ana a zaka 10 kutsika m'munsi amasewera ndi mpira wa mainchesi 11 kuzungulira, pafupifupi masentimita 28. Okulirapo ndi wa mainchesi 12. Bat ya softball, ndodo yomenyera mpira, siipitirira mainchesi 34 m'litali, koma imeneyo ndi ya akuluakulu. Pa bat pamalembedwa nambala monga -10 kapena -12, yosonyeza kusiyana kwa kulemera kwake m'maaunsi ndi kutalika kwake m'mainchesi: ya mainchesi 30 yolembedwa -10 imalemera maaunsi 20, pafupifupi magalamu 570. Poyesa utali, mwana aike tsinde la chogwirira pakati pa chifuwa, bat itagona motsata mkono wotambasulira kumbali. Nsonga za zala zikafika kumapeto kwake ndiye kuti yamukwana. Chizolowezi chopatsa mwana bat ya mkulu wake, ati akulira momwemo, chimaononga kamenyedwe tee isanayambe n'komwe ntchito. Bat yolemera imagwetsa manja ndi phewa lakumbuyo, ndipo mwana amangoikoka.

Kaimidwe ndi kamenyedwe

Womenyera kumanja amaika dzanja lamanzere pansi, lamanja pamwamba, ogundana. Bat imagwidwa ndi zala, osati kuikwirira m'chikhatho, mfundo zapakati za zala za manja onse zili pafupifupi pamzere umodzi. Mapazi amatalikirana kupitirira mapewa pang'ono, mawondo opindika. Thupi limayamba latsamira pang'ono mwendo wakumbuyo, phazi lakutsogolo n'kutaya sitepe yaifupi. Likangoponda, chiuno chimayamba kuzungulira, chidendene chakumbuyo n'kunyamuka, mapewa n'kutsatira, manja pomalizira. Pamene bat ikukumana ndi mpira, chikhatho cha dzanja lapamwamba chimayang'ana kumwamba, chinacho pansi. Mutu suyenda: chibwano chimayambira pa phewa lakutsogolo n'kukathera pa lakumbuyo, maso ali pa mpira.

Pamene tee iyenera kuima

Vuto limene limaoneka kawirikawiri m'mabwalo ophunzirira si la mwana ayi, ndi la malo amene tee yaikidwa. Ma tee ambiri otsika mtengo ali ndi tsinde lopangidwa mofanana ndi home plate, paipi ili pakatikati pake. Mwana akaona tsinde lotere amaima pambali pake monga amaimira pamasewera, mphunzitsi naye osaona cholakwika, ndipo mpira umapezeka uli moyang'anizana ndi mchombo. Komatu pamasewera mpira wodutsa pakati sumenyedwa pamenepo. Umamenyedwa usanafike, kutsogolo, moyang'anizana ndi phazi lakutsogolo litaponda kale sitepe yake.

Kusiyana kwa malo awiriwa n'kochepa, mwina utali wa phazi limodzi kapena kupitirira pang'ono, koma zotsatira zake n'zazikulu. Mpira ukakhala pa mchombo, chiuno sichipeza mpata womaliza kuzungulira bat isanafike. Mwana amene akufuna kuti mpira upite kutsogolo amapeza yekha njira yozembera: amaleka kugwiritsa ntchito miyendo, amakhalirira mwendo wakumbuyo, n'kumangokwapula ndi manja, kapena amapotoza msanga mfundo za manja kuti bat iwongoke. Mpira woima umamenyeka ndithu, nthawi zina mpaka kumveka bwino, anzake n'kumuombera m'manja. Tsiku la masewera mwana yemweyo amachedwa pa mpira uliwonse. Ukapanda kumudutsa umagunda bat pafupi ndi chogwirira, manja n'kuchita dzanzi, mpira n'kungogubuduka pafupi. Pamenepo mphunzitsi amayamba kukalipa kuti mwanayo ndi wamantha kapena waulesi, chonsecho akuchita ndendende zimene tee yakhala ikumuphunzitsa miyezi yonseyi. Ndipo mwana wakhama, amene amamenya pa tee tsiku ndi tsiku, ndi amene amaonongeka kwambiri, chifukwa cholakwacho chimamulowerera m'thupi.

Kukonza kwake sikulira ndalama. Tsinde la tee lisatengedwe ngati home plate, ngakhale lioneke motero. Home plate ijambulidwe payokha pansi ndi laimu kapena phulusa, masentimita 43 m'lifupi, ndipo malo a mapazi onse awiri alembedwenso. Mwana aime m'malo mwake, ataye sitepe, aime chomwecho, kenako mphunzitsi asunthe tee kufikira mpira utayang'anizana ndi phazi lakutsogolo. Chosuntha ndi tee, osati mwana. Ana awiri osiyana msinkhu sangagwiritse ntchito malo amodzi, choncho pamzere wa ana khumi tee iyenera kusunthidwa kakhumi. Mphunzitsi amene amaiimika kamodzi m'mawa n'kukakhala pamthunzi akuphunzitsa mwana mmodzi kapena awiri, ena onse akuwasokoneza.

Mpira wodutsa pafupi ndi thupi umamenyedwa kutsogolo kwambiri, chikhatho chimodzi kapena ziwiri kupitirira phazi lakutsogolo, tee ili kumbali ya home plate yoyandikana ndi womenya. Wodutsa kutali umaloledwa kulowa mkati, pakati pa bondo lakutsogolo ndi chiuno, tee ili kumbali inayo. Malo atatuwa akalembedwa pansi amapanga mzere wopendekeka, osati wowongoka. Palinso kutalika: mawondo, lamba ndi m'munsi mwa chifuwa. Tee imene yakhala pa lamba chigulireni, mpaka paipi yake kuuma osasunthanso, imatulutsa womenya wodziwa mpira umodzi mwa isanu ndi inayi, ndipo woponya wochenjera sadzamupatsa umenewo.

Kulakwa kwina n'kuika tee kutali kwambiri ndi thupi, mwana n'kumatambasula manja msanga ngati akutchetcha udzu, kapena kutsogolo mopitirira muyeso, n'kumagwera mpira ndi mutu womwe. Izi zimaoneka msanga ndipo sizichedwa kukonzedwa. Tee ya pa mchombo ndiyo yoopsa chifukwa imaoneka ngati ili bwino.

Tee ikaima pamalo pake, mpira womwe umanena zoona. Wa pakati uyenera kuwongoka kulunjika kumene kumaima woponya, uli mmwamba pang'ono, osagubuduka kapena kukwera kuthambo. Wa pafupi ndi thupi umapita kumanzere kwa bwalo kwa womenyera kumanja, wa kutali kumanja. Bat ikagunda labala wa tee ndiye kuti yadzera m'munsi. Mpira ukadumphadumpha pansi ndiye kuti yadzera pamwamba kapena manja apotoka msanga. Ubwino wake ndi womwewu: mwana wa zaka 10 amatha kudziweruza yekha, ndipo kusintha kumaoneka ndi maso tsiku lomwelo tee yasunthidwa. Palibe chipangizo china mu softball chimene chimabweza zambiri chonchi pa ndalama zochepa chonchi!

Kachitidwe ndi chitetezo

Ndi bwino kumenya mipira 8 kapena 10, kupuma, n'kusuntha tee. Mwana akatopa, manja amagwa ndipo zolakwa zakale zimabwerera. Apo ntchito ithe. Mphunzitsi akonze chinthu chimodzi pa tsiku. Kufuula za chigongono, mutu, mapazi ndi chiuno nthawi imodzi, makolo nawo akuthirirapo zawo kumbali, kumangoumitsa mwana thupi. Kanema wojambulidwa pa foni kuchokera kumbali amasonyeza bwino pamene mpira uli poyerekeza ndi phazi.

Mpira umenyedwere mu ukonde, kapena mu lona kapena matumba osokedwa pamodzi opachikidwa molendewera. Khoma limabweza mpira kumaso. Neti ya udzudzu imang'ambika, ndiponso ili ndi ntchito yake kuchipinda. Womenya avale chipewa cholimba, odikira aime kutali kumbuyo opanda bat m'manja, ndipo woika mpira pa tee achoke kaye womenya asananyamule bat.

Tee siphunzitsa kuyeza liwiro la mpira. Kamenyedwe kakakhazikika, mwana apite ku mipira yoponyedwa pang'onopang'ono ndi munthu wobisala kuseri kwa ukonde, kenako kwa woponya weniweni, koma azibwererabe pa tee mlungu uliwonse.

Mtengo

Mtengo wa tee umatengera mtundu wake, sitolo ndi dziko limene yachokera. Yoitanitsa kunja imakwera ndi ndalama zotumizira, msonkho ndi mphamvu ya ndalama pa nthawiyo, choncho ndi bwino kufunsa malo angapo. Kawirikawiri ya tsinde lachitsulo imadula koma siigwaigwa, pamene yopepuka imafuna kupanikizidwa ndi thumba la mchenga. Timu yosowa ndalama ingathe kupanga yake ndi thabwa lolemera, mapaipi awiri a PVC olowana, obooledwa mabowo olowetsa msomali posintha kutalika, ndi chidutswa cha paipi ya labala ya redieta ya galimoto pamwamba. Yotereyi ingatsike mtengo kwambiri, malinga ndi kumene zipangizozo zapezeka, ndipo tsinde lake silinamiza mwana kuti ndi home plate. Pamwamba pasakhale chitsulo kapena pulasitiki yolimba, chifukwa zimaphwanya bat, imene nthawi zambiri imadula kuposa tee. Labala wa pamwambayo ndi amene amatha msanga. Akang'ambika asinthidwe mpira usanayambe kupendekeka.