Malangizo kwa wofuna kusiya mowa: kupeza gulu la anzanu ndi kukhalamo

Ambiri amene mowa unawagwira analumbirapo kale kuti asiya. Amalumbira Lolemba m'mawa matsire atawapana, koma malipiro akangolowa miyendo imalunjikanso ku bala. Lumbiro la munthu ali yekha silichedwa kuzirala. N'chifukwa chake pali magulu a anthu olimbana ndi uchidakwa amene amakumana kuti alimbikitsane. Lodziwika kwambiri ndi Alcoholics Anonymous, mwachidule AA, lomwe linayamba mu 1935 mumzinda wa Akron ku America. Analiyambitsa ndi Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, onse awiri zidakwa, ataona kuti akamakambirana za vuto lawo tsiku linkatha osamwa.

1. Yambirani kuchipatala. Ngati mumamwa tsiku lililonse, ndipo m'mawa manja amanjenjemera mpaka mutalawako kachasu pang'ono, musasiye mwadzidzidzi muli nokha m'nyumba. Thupi lozolowera mowa likausowa, pasanathe tsiku munthu amayamba thukuta, kusanza ndi kusowa tulo. Ena amagwa ngati akhunyu. Pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amabwebweta, n'kumaona tizilombo pakhoma pomwe palibe kanthu. Achibale akaona zimenezi amathamangira kwa sing'anga poganiza kuti walodzedwa, chonsecho ndi matenda ofuna dokotala msanga, ndipo amapha. Gulu la anzanu silipereka mankhwala. Uzani adokotala zoona zenizeni za kuchuluka kwa mowa umene mumamwa, musachepetse.

2. Funsani kumene anthu amakumana. Magulu amenewa sakhoma zikwangwani pamsewu. Yambani ndi namwino woona za matenda a maganizo pachipatala chachikulu cha m'boma lanu. A Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu osiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Kulinso chipatala cha Zomba Mental, ndipo ku Lusaka kuli cha Chainama. Abusa, ansembe ndi mashehe nawonso afunseni, pakuti misonkhano yotere imakonda kuchitikira m'zipinda zobwereka kumalo opembedzera. Amene muli ku Joni kapena ku Britain, tsamba la AA la pa intaneti la dziko limenelo limaonetsa malo, tsiku ndi nthawi. Ilipo misonkhano ina ya pa Zoom, ngakhale yambiri imachitika m'Chingerezi.

3. Dziwani mtundu wa msonkhano. Wotseguka amalowa aliyense, ndiye mukhoza kupita ndi akunyumba kwanu. Wotseka ndi wa okhawo ofuna kusiya mowa.

4. Tsiku loyamba fikani msanga. Mudzapeza mipando ingapo, mwina ndi ketulo ya tiyi pakona. Msonkhano umatenga pafupifupi ola limodzi. Aliyense amatchula dzina loyamba lokha n'kufotokoza zake: mmene ankabisira botolo m'thumba la chimanga, mmene anamwera ndalama ya feteleza, mmene wadutsira sabata ino. Palibe womudula mawu kapena womuweruza. Simukakamizidwa kulankhula; kunena kuti "lero ndingomvetsera" n'kokwanira. Kulowa AA kulibe malipiro. Mbale imayenda ya chopereka chaufulu cholipirira chipinda ndi tiyi, ndipo wopanda kanthu amangoipatsira mnzake. Munthu akakuuzani kuti mulipire kaye, kapena akayamba kukutsatsani mankhwala othetsa chilakolako cha mowa, chokanipo.

5. Za manyazi. Chimene chimabweza anthu ambiri pakhomo ndi mantha akuti akapezako munthu wowadziwa. M'tauni yaing'ono zimenezi zimachitikadi: mukhoza kupeza mphunzitsi wa mwana wanu, kapena mkulu wa mpingo wanu. Koma iyenso wabwera ndi vuto lomwelo, ndipo akufuna chinsinsi monga mmene mukuchifunira inu. Zimandipweteka kuona bambo amene anagonapo m'ngalande mudzi wonse ukuona, akuopa kuonedwa akulowa m'chipinda chofunira thandizo. Kwa amayi n'kovuta koposa, chifukwa mayi womwa amanyozedwa kuposa bambo. Funsani ngati pali msonkhano wa amayi okhaokha. Inunso sungani za anzanu. Zomwe mwamva m'chipindamo musakazifotokoze ngakhale kwa akazi anu kapena amuna anu.

6. AA si mpingo. Mfundo zake 12 zimatchula Mulungu monga mmene aliyense amamumvetsera, kotero Mkhristu, Msilamu ndi wosapemphera amakhala pa benchi imodzi.

7. Tengani nambala za foni. Pezani munthu amene watha nthawi yaitali osamwa, bambo kwa bambo, mayi kwa mayi, kuti azikuyendetsani. Muimbireni chilakolako chikangoyamba, musanalowe mu shabini. Musadzilemetse ndi lonjezo la moyo wonse. Lonjezani za lero lokha.

8. Mukamwanso, bwererani pa msonkhano wotsatira. Ambiri okhala m'chipindamo anagwapo. Gulu lina likapanda kukukomerani, yesani lina musanagwe ulesi.

9. Achibale ali ndi gulu lawo la Al-Anon, lomwe linakhazikitsidwa mu 1951. Kumene kulibe gulu lililonse, anthu awiri kapena atatu ofuna kusiya mowa ndi okwanira kuyambitsa gulu lawo. Pemphani chipinda kusukulu kapena kutchalitchi, sankhani tsiku ndi ola losasintha, makamaka madzulo a Lachisanu pamene mayesero amakula, ndipo dziwitsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti azikutumizirani ena.