MPHAMVU YA JEKE IMACOKERA KUTI?

Pa miyezi ya malonda a fodya, malole ambiri amacoka ku Nsaru, ku Kabudula ndi ku Nambuma atasenza mabelo kunka nao ku okushoni ku Kanengo. Tayala likaphulika panjira, woyendetsa satsitsa katundu iai. Amaturutsa jeke, kanthu kosaposa botolo la mafuta ophikira, nakaika pansi pa lole, ndipo ndi dzanja limodzi amakweza mbali ya galimoto imene amuna khumi sakadaitukula. Palibe matsenga pamenepa. Mwana wa sukulu wodziwa kucurukitsa angathe kuwerengera mphamvuyo pa bolodi.

M'kati mwa jeke muli mipope iwiri ya citsulo, yosalala m'kati ngati mphako ya nsungwi. Wina waung'ono, wina waukuru. Mpope wotere dzina lace ndi silinda. M'silinda iri yonse muli citsekero coyenda, cokwanamo bwino kotero kuti mafuta sangadutse m'mbali mwace. Ici ndico pisitoni. Ku pisitoni kwalumikizidwa ndodo ya citsulo imene imaturukira kunja kukagwira nchito. Masilinda awiriwo ngolumikizana ndi kanjira, ndipo monsemo mwadzaza mafuta.

Tsono mafuta ndi madzi ziri ndi khalidwe limene mpweya ulibe. Munthu akatseka kukamwa kwa pampu ya njinga ndi cala, angathe kukankhabe ndodo, pakuti mpweya umalola kupanikizika. Mafuta salola. Akakanikizidwa mbali imodzi, amakankha mofanana pa malo ali onse amene awakhudza. Amene analongosola lamulo limeneli ndi Blaise Pascal wa ku France, amene anamwalira mu 1662. Ndipo mu 1795 Joseph Bramah wa ku London analembetsa makina ofinyira zinthu oyendera lamulo lomweli.

Nayi samu yace. Pisitoni yaing'ono ikhale ya sentimita 1 m'mimba mwace, yaikuru ya masentimita 4. Ambiri angati yaikuruyo iposa inzace kanai, koma si tero: malo amene mafuta akankhapo amakula m'litari ndi m'lifupi momwe, ndiye kuti 4 kucurukitsa ndi 4, ndiwo 16. Mpini wautari wa jeke naonso umaonjeza mphamvu ya dzanja, mwina ka 20. Woyendetsa akatsamira mpiniwo ndi kulemera kwa makilogalamu 20, pa pisitoni yaing'ono pamafika 400, ndipo yaikuru imanyamula 400 kucurukitsa ndi 16, ndiwo makilogalamu 6,400.

Komatu mphamvu imeneyi siibwera yaulere. Pisitoni yaing'ono ikatsika mamilimita 16, yaikuru imangokwera milimita imodzi yokha. Cifukwa cace munthu amapopa kambirimbiri lole nkumakwera pang'onopang'ono. Timipira tiwiri ta citsulo timatsekera mafuta kuti asabwerere pakati pa kupopako, ndipo kasikuluwu ka pansi kaja kakamasulidwa, mafuta amabwerera m'nkhokwe yace, katundu natsika.

Pa malole a tipa otaya mcenga ndi pa makina okumba misewu, injini ndiyo imapopa mafuta m'malo mwa dzanja. Silinda ya tipa imangokankha. Bokosi limatsika lokha ndi kulemera kwace. Koma mkono wa makina okumba uyenera kukankha ndi kukoka komwe, kotero mafuta amalowa mbali zonse ziwiri za pisitoni mosinthana. Pokoka mphamvu imacepa, popeza ndodo yadya kale malo ena amene mafuta akadakankhapo. Ndodo zimenezi amazipanga zonenepa dala, cifukwa citsulo cacitari cikamakankha katundu wolemera cimapindika monga bango.

Mjigo wa pa mudzi ndi mbale wace wa jeke, kungoti nchito yatembenuka: m'jeke mafuta amakankha pisitoni yaikuru, m'mjigo pisitoni imanyamula madzi. Mijigo yambiri ya ku Mpingu ndi ku Namitete, monganso m'dziko lonse, ndi ya mtundu wa Afridev. Ciyambi cace ndi kuno ku Malawi: unayesedwa m'cigwa ca Livulezi ku Ntcheu kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980 ndi dzina lakuti Maldev, ndipo unakakonzedwanso ku Kenya. Ndodo zace nzowonda, mamilimita 10 okha, ndipo sizipindika cifukwa nchito yao yolemera ndi kukoka.

Silinda ya Afridev iri pansi pa madzi, m'kati mwace ndi mkuwa, ndipo m'mimba mwace ndi mamilimita 50. Ena amadandaula kuti bwanji osaika yaikuru kuti ndowa idzale msanga. Yankho liri m'samu ija. Madzi akakhala mamita 30 pansi, pisitoni imasenza madzi olemera pafupifupi makilogalamu 60, osawerengera ndodo. Silinda ikadakhala ya mamilimita 100, katunduyo akadakhala wa 240, ndipo amai ndi ana sakadautha mpini. Amisiri anasankha madzi ocepa pa kupopa kuli konse, osafika theka la lita, kuti ali yense athe kutunga.

Zonsezi zimadalira kanthu kakang'ono kotsika mtengo, ndiko kamphira kozungulira pisitoni. Pa masiku a Bramah kanali ka cikopa. Mlomo wace ngopindika, kotero kuti mafuta kapena madzi akamakankha, kamphirako kamafutukuka nkumamatira kwambiri ku khoma la silinda. Mdani wace wamkuru ndi mcenga. Ndodo yonyezimira ya jeke ikasiyidwa pa pfumbi, kapena ikacita dzimbiri, imang'amba mphira polowa, ndipo mafuta amayamba kudontha. Jeke aziisunga ndodo itatsitsidwa, ndipo azithiramo mafuta ace enieni. Mafuta a mabuleki amaononga mphira zace. Jeke ikamanyinyirika ngati siponji, ndiye kuti mwalowa mpweya.

A komiti ya mjigo angathe kudziwa za mphira yao osamasula kanthu. Apope mpini wonse, kukwera ndi kutsika, ka 40 pa mphindi imodzi. Madzi akacepera malita 15, mphira ya pisitoni yatha kapena pena pakudontha. Pisitoniyo imaturuka pamodzi ndi ndodo, mipope yaikuru iri m'malo mwace, ndipo anaupanga cotero kuti eni mudzi azikonza okha.

Popeza mphira imatha osacenjeza, munthu asalowe konse pansi pa galimoto yokhala pa jeke yokha. Ayambe waika zipika zolimba. Cimodzimodzinso pansi pa bokosi la tipa lokwezedwa popanda mzati woligwiriziza: paipi ya mafuta ikaphulika, bokosi limagwa msanga koposa kuthawa kwa munthu.

Aphunzitsi ofuna kuonetsa ana zimenezi apeze majakisoni awiri atsopano opanda singano, wamng'ono ndi wamkuru, awalumikize ndi kapaipi ka pulasitiki, nadzaze madzi osasiyamo mpweya. Mwana wamng'ono agwire jakisoni wamng'ono, mnyamata wamphamvu agwire wamkuru, ndipo akankhane ndi zala. Pambuyo pace asinthane, kenaka ayese ndi rula kuti pisitoni iri yonse yayenda mamilimita angati.